Mafunso ndi Mayankho: Kumanga Wailesi ya Ovaova m'Galimoto Yoyenda m'Mapiri a Zomba

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga a m'boma la Zomba amene ali ndi magalimoto amphamvu oyenda m'misewu ya fumbi, miyala ndi matope, monga Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover, ndipo onse akufunsa za wailesi yolankhulirana, ija ambiri amaitcha ovaova. Makalatawo tawafupikitsa pofuna kusunga malo.

Funso: Ndimayang'anira magalimoto awiri a bungwe lina laling'ono la zaulimi lomwe ofesi yake ili m'tauni ya Zomba. Alangizi athu amapita ku Jali, ku Kachulu ndi ku Chingale, ndipo nthawi zina amakwera phiri kukayendera nazale za mitengo. M'madera ambiri netiweki ya foni imathawa, makamaka m'dzinja, moti galimoto ikatitimira m'matope timamva mawa lake. Wogulitsa wina wanditsimikizira kuti ndikagula mawailesi a ma watt 50 ndizilankhula ndi madalaivala anga kulikonse m'boma lino. Kodi ndimukhulupirire? *Bambo wa ku Matawale*

Yankho: Bambo, musafulumire kutulutsa ndalama, chifukwa mtunda umene wailesi yotere imafika sudalira kwenikweni ma watt olembedwa pa katoni. Umadalira pamene eriyo yaima ndiponso chimene chili pakati pa eriyo yanu ndi ya mnzanu. Mawailesi ambiri omangidwa m'magalimoto amagwira ntchito pa gulu la mafunde a wailesi lotchedwa VHF, kuyambira 136 mpaka 174 MHz, kapena pa UHF, kuyambira 400 mpaka 470 MHz, ndipo mafunde a magulu onse awiriwa amayenda molunjika monga kuwala kwa tochi. Amatha kukhota pang'ono pa kachitunda, amathanso kudutsa m'mitengo atafookako, koma phiri saboola. Eriyo ya pa denga la galimoto imakhala pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi, ndipo chifukwa cha kupindika kwa dziko, ngakhale pa chidikha popanda chotchinga, magalimoto awiri amamvana bwino mpaka makilomita 11 kapena 12, kenako mawu amayamba kuduka.

Tsono taonani mmene boma lathu lakhalira. Tauni ya Zomba ili m'tsinde mwa phiri, pamalo okwera kuposa chigwa cha Chilwa, choncho mukaimika mlongoti wa mamita 12 kapena 15 pa ofesi n'kuikapo eriyo yabwino, ndili ndi chiyembekezo chakuti mbali ya Jali ndi njira ya ku Kachulu muzimvana ndi madalaivala anu m'malo ambiri. Chingale ndiye nkhani ina. Ili kuseri kwa phiri, chakumadzulo, moyang'ana chigwa cha Shire, ndipo pakati pa inu ndi galimoto yanu pali thanthwe lomwe nsonga yake ndi yokwera kupitirira mamita 2,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Kuchoka pa ma watt 25 kupita pa 50 ndi kuwirikiza mphamvu kawiri, koma ku khutu la womvera kusinthako n'kochepa kwambiri: kumathandiza pamene mawu amamveka kale mokanda, koma pamene phiri latsekereza sikuthandiza chilichonse.

Chimene chimagonjetsa phiri ndi phiri lomwelo. Munthu ataima pa Emperor's View, malo oonerapo kutali a pamwamba pa phiri la Zomba, pamene maso amafika ku Mulanje ndi ku nyanja ya Chilwa, angathe kumveka kutali kwambiri ndi kawailesi ka m'manja ka ma watt 5 kuposa galimoto ya ma watt 50 imene ili m'khwawa. N'chifukwa chake mabungwe amene amayenda m'madera otere amagwiritsa ntchito repeater, yomwe ndi wailesi yoikidwa pamalo okwera imene imalandira mawu pa frequency imodzi (nambala ya mafunde imene wailesi imalankhulirapo, yoyezedwa mu MHz) n'kuwatumizanso nthawi yomweyo pa ina. Koma dziwani kuti pamwamba pa phiri la Zomba n'potakasuka, ndipo repeater yoikidwa m'mphepete moyang'ana tauni singafike ku Chingale pokhapokha itayesedwa n'kutsimikizika, chifukwa mbali imene imaona chigwa cha Shire ndi ya ku Chingwe's Hole, kumbali ina ya phirili. Musalipire munthu kuti amange mlongoti asanayende ndi mawailesi oyesera m'njira zenizeni zimene alangizi anu amadutsa. Kumbukiraninso kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa, kotero kumangapo kanthu kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango, ndipo kawirikawiri n'chanzeru kubwereka malo pa mlongoti umene ulipo kale kusiyana ndi kuyamba wanu. Repeater iyeneranso kukhala ndi sola ndi mabatire akeake. Amene akukumbukira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene misewu, milatho ndi magetsi zinaonongeka m'chigawo cha kummwera, akudziwa kuti tsiku limene wailesi imafunika kwambiri ndi lomwenso magetsi amakhala atazima.

Pakati pa VHF ndi UHF, ine ndingakusankhireni VHF, chifukwa imapirira bwino mitengo ndi zitunda, pamene UHF imaposa m'kati mwa nyumba ndi m'matauni othithikana. Palinso mawailesi a HF, monga a Codan ndi Barrett, amene mafunde ake amakwera kumwamba n'kubwerera pansi kutali, motero amalumpha mapiri, koma ndi okwera mtengo, eriyo yake ndi yaikulu, ndipo kamvekedwe kake kamasintha malinga ndi nthawi ya tsiku. Chenjeraninso ndi tizipangizo tooneka ngati ovaova timene timalowa SIM kadi: timeneto timadalira netiweki ya foni yomwe ija mukuidandaula.

Pa zonsezi choyamba ndi chiphaso. Bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 ndipo tsopano likugwira ntchito motsatira lamulo la 2016, ndilo limagawa ma frequency m'dziko muno ndi kuvomereza mitundu ya zipangizo zololedwa. Pemphani chiphaso kaye, mupatsidwe frequency yanu, kenako mugule mawailesi ndi eriyo zogwirizana nayo. Amene amayamba ndi kugula nthawi zina amapezeka kuti agula UHF koma apatsidwa VHF, ndipo katunduyo amangokhala m'kabati.

Funso: Ndili ndi Land Cruiser yakale ya dizilo yokhala ndi mabatire awiri. Mnyamata wina wokonza za magetsi a galimoto anandimangira wailesi ya ma watt 50, ndipo anati palibe chifukwa chokokera waya mpaka ku batire, choncho anangolumikiza kuseri kwa soketi yoyatsira ndudu. Pomvera imamveka bwinobwino, koma ndikangodina batani kuti ndilankhule, magetsi ake amathima n'kuyakanso. Kodi ndinagula wailesi yakufa? *Dalaivala wa ku Chinamwali*

Yankho: Achimwene, wailesi yanu ndi yamoyo, koma ikuperewedwa magetsi. Pomvera imakoka magetsi ochepa, osafika ngakhale amp imodzi, koma potumiza mawu ndi ma watt 50 imakoka ma amp 10 mpaka 12. Mawailesi amenewa anapangidwira ma volt 13.8, ndipo ambiri amayamba kuvuta magetsi akatsika kufika cha m'ma 11. Waya wa ku soketi ya ndudu ndi wowonda, amadutsa m'malumikizo angapo ndi mu switch ya kiyi, ndipo paliponse pamenepo magetsi amatayikapo. Tiyerekeze kuti waya wopita ndi wobwera onse pamodzi ndi mamita 8. Ngati ali wa 1 mm², ma amp 11 akamadutsa amataya pafupifupi volt imodzi ndi theka, pamene wa 4 mm² amataya osafika theka la volt. Injini ikakhala yozima batire limakhala pa ma volt 12.5 kapena pansi pake, ndiye mukachotsapo zotayikazo muona chifukwa chake wailesi imakomoka mukangodina.

Musanakoke waya watsopano, yezani kaye mabatire anu awiriwo ndi mita yoyezera magetsi, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu amawotcha mawailesi. Magalimoto ena a mabatire awiri amakhalabe a ma volt 12, koma ena a dizilo, makamaka akale ndiponso malole, ndi a ma volt 24. Popeza wailesi yanu sinapse, n'kutheka kuti galimoto yanu ndi ya 12, kapena ndi ya 24 koma ili ndi kachipangizo kakang'ono kotsitsira magetsi a ku soketi, komwe sikangakwanitse ma amp 11. Mita ikaonetsa 24 kapena kupitirira, gulani chotsitsira magetsi kuchoka pa 24 kufika pa 12 chotha kupereka ma amp 15 mpaka 20. Musalole njira yachidule yotenga magetsi pa batire limodzi lokha mwa awiriwo. Poyamba zimaoneka ngati zatheka, koma batire limenelo limakhala losadzaza nthawi zonse pamene linzake likutchajidwa mopitirira, ndipo mapeto ake mumagula mabatire awiri atsopano nthawi isanakwane.

Kamangidwe koyenera ndi aka. Chotsani kaye waya wa negetivu pa batire. Waya wofiira achokere ku pozitivu ya batire, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo, osapitirira masentimita 30, chifukwa ntchito ya fyuzi imeneyi ndi kuteteza waya wonse kuti asayatse galimoto akakhudzana ndi chitsulo. Fyuzi imene ili kumapeto, pafupi ndi wailesi, siteteza waya yense amene ali kumbuyo kwake. Kukula kwa fyuzi kukhale kumene buku la wailesiyo lanena, kawirikawiri ma amp 15, ndipo ikapsa fufuzani chifukwa chake m'malo moimanga ndi tiwaya kapena ndi chipepala chonyezimira cha m'paketi ya fodya monga timaonera m'magalaja ena. Podutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, waya alowe pa bowo lokhala ndi kamphira m'mbali mwake. Msewu wa mabampu umagwedeza galimoto tsiku lonse, ndipo m'mphepete mwa chitsulo chosaphimba mumadya chikopa cha waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina utsi utatuluka pansi pa dashibodi. Wayayo atalikirane ndi ekizozi, chiwongolero ndi zopondera, ndipo amangiriridwe pafupipafupi kuti asalendewere.

Waya wakuda ndi bwino kumumanga pa thupi la galimoto, pafupi ndi pamene waya wamkulu wa negetivu wa batire wamangidwa, mutapala utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Mukasankha kumufikitsa pa mutu wa batire weniweniwo, muikeponso fyuzi, chifukwa waya wamkulu uja akadzamasuka, magetsi ambiri a sitata angafune njira yobwerera kudzera m'wailesi yanu ndi chingwe cha eriyo. Pa magalimoto atsopano amene ali ndi kachipangizo koyeza magetsi pa mutu wa negetivu, mangani pa thupi la galimoto basi.

Funso: Ndimatuta matabwa ndi mapolo kuchokera pa phiri ndi pikapu. Nthambi za paini zandithyolera eriyo ya maginito imene ndinkaika pa denga. Tsopano ndagula eriyo yaitali kwambiri, ndipo ndikufuna kuti owotcherera andiikire kachitsulo pa bull bar kutsogolo. Kodi yaitali si ndiyo imafika kutali? *Wa matabwa wa ku Mulunguzi*

Yankho: Bambo, pa wailesi yonse palibe chinthu chimene chimafuna kuganizira mofatsa kuposa eriyo, ndipo ndikanakonda anthu akanamawononga ndalama zambiri pa eriyo ndi chingwe chake kusiyana ndi pa ma watt. Kutalika kwa eriyo sikusankhidwa ndi maso, kumatsatira frequency. Eriyo wamba, ya gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, mungaiwerengere pogawa 7,500 ndi frequency yanu mu MHz, ndipo yankho limabwera m'masentimita. Pa 150 MHz ndi pafupifupi masentimita 50, pa 450 MHz ndi pafupifupi 17, pamene ya CB, mtundu wina wa ovaova wa pa 27 MHz, imapitirira mamita awiri ndi theka. Choncho choyamba onetsetsani kuti eriyo yaitali mwagulayo ndi ya gulu limodzi ndi wailesi yanu. Ikakhala ya CB koma wailesi ndi ya VHF, mphamvu yambiri izibwerera m'wailesi m'malo motuluka.

Zilipo eriyo zazitali zoyenera VHF, monga ya magawo asanu mwa asanu ndi atatu a funde, yomwe pa 150 MHz imafika pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Eriyo yotere siwonjezera mphamvu ya wailesi. Imangophwatalitsa mafunde kuti ambiri apite cham'mbali m'malo mokwera kumwamba. Pa chigwa cha Chilwa zimenezi n'zopindulitsa. Koma inu mumayenda m'msewu wokhotakhota wokwera ku Ku Chawe ndi m'tinjira ta m'nkhalango, momwe galimoto imakhala yopendekeka ndipo amene mukulankhula naye ali pansi kwambiri kapena pamwamba panu, ndiye mafunde ophwatalala aja amapendekeka limodzi ndi galimoto n'kumuphonya. M'mapiri eriyo yaifupi ija ya masentimita 50 imachita bwino kawirikawiri, ndiponso ndi yovuta kuthyoka, makamaka ikakhala ya waya wachitsulo wopyapyala wokhala ndi sipuling'i m'munsi, yemwe amagona nthambi ikamukhudza n'kudzukanso.

Malo abwino kuposa onse ndi pakati pa denga lachitsulo, chifukwa eriyo ya mtundu uwu ndi theka chabe la chipangizo, ndipo theka linalo ndi chitsulo cha denga chimene chaizungulira. Ambiri amaopa kuboola denga, koma chomangira cha mtundu wa NMO chimafuna bowo la mamilimita 19 okha, chili ndi mphira wake wotchinga madzi, ndipo chikamangidwa bwino sichidontha. Tsitsani kaye nsalu ya kudenga kuti muone ngati palibe mawaya kapena chitsulo cholimbitsira, ndipo mupale utoto kunsi kwa bowo kuti mano a chomangiracho alume chitsulo chenicheni. Eriyo ya maginito ndi ya ulendo wa tsiku limodzi: fumbi limalowa pansi pake n'kukanda utoto, nthambi imaigwetsa, ndipo chingwe chake chimafinyidwa ndi chitseko mpaka kuphwanyika m'kati.

Pa bull bar n'zotheka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mwaganizako, popeza mapolo otalika amadutsa pamwamba pa denga. Koma dziwani zimene mukutaya. Eriyo imakhala pansi, mutu wa galimoto umaitchinga chakumbuyo, ndipo palibe chitsulo chotambalala choizungulira, kotero pamenepo pamafunika eriyo ya theka la funde kapena ina yolembedwa kuti sidalira denga lachitsulo. Mtundu womwewo ndi umene umafunika pa kanope ya fibreglass. Nsonga yake ipitirire denga, ndipo owotchererawo asanayambe ntchito, chotsani mawaya a batire ndi chingwe cha wailesi.

Chingwe chochokera ku eriyo chikhale cha ma ohm 50, monga RG-58, chomwe pa mamita 4 kapena 5 a m'galimoto n'chokwanira. Chingwe cha TV ndi cha dishi, chimene chimapezeka m'sitolo iliyonse ya zamagetsi, ndi cha ma ohm 75, ndipo ngakhale chikuoneka chofanana si cha ntchito imeneyi. Chingwe chikaduka musachilumikize popota tiwaya n'kukulunga tepi, koma sinthani chonse. Polumikizira pa kunja pakulungidwe ndi tepi ya mphira yodzimata yokha, chifukwa chifunga ndi mvula ya pa phiri zikalowa m'chingwe, tiwaya ta m'kati timada ndipo wailesi imayamba kufika pafupi popanda chooneka ndi maso.

Ntchito ikatha pakhale kuyeza ndi mita ya SWR, yoonetsa kuchuluka kwa mphamvu imene ikubwerera kuchokera ku eriyo, yopangidwira VHF kapena UHF, osati ya CB. Galimoto iime pabwalo, kutali ndi nyumba za malata, zitseko ndi boneti zili zotseka. Mita ikaonetsa 1.5 kapena pansi pake, zili bwino, chifukwa mphamvu yobwerera ndi pafupifupi 4 pa 100 iliyonse. Pa 2 imabwerera pafupifupi 11 pa 100, pomwe pa 3 imabwerera 25 pa 100, ndipo apo wailesi imatentha kapena kudzichepetsera yokha mphamvu. Ngati eriyo ikufunika kudula, dulani mamilimita 3 mpaka 5 nthawi imodzi n'kuyezanso. Musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe. Ndipo popeza anyamata okweza matabwa amakonda kukhala kumbuyo atagwira chilichonse chimene dzanja lapeza, auzeni kuti eriyo imawotcha khungu wailesi ikamatumiza, ndipo atalikirane nayo pafupifupi mita imodzi.

Funso: Wailesi yanga imalira kamluzu kamene kamakwera ndikaponda mafuta, ndipo usiku ndikayatsa nyale za LED za pa denga sindimvanso anzanga akutali. *Wowerenga wa ku Domasi*

Yankho: Achimwene, muli ndi matenda awiri osiyana, ndipo njira yowasiyanitsira ndi yosavuta. Injini ikulira, masulani chingwe cha eriyo kumbuyo kwa wailesi, osadina batani lolankhulira, n'kumvetsera. Phokoso likapitirira ndiye kuti likulowa kudzera m'mawaya a magetsi, koma likatha ndiye kuti eriyo ikulitola mumpweya. Kamluzu kotsatira kuthamanga kwa injini kamachokera ku alternator ndipo kamadutsa m'mawaya. Nthawi zambiri kamachepa mukatenga magetsi ku batire mwachindunji ndi kuyeretsa mitu ya batire pamodzi ndi pomangira negetivu. Kakakanirira, ikani sefa ya magetsi yotha kunyamula ma amp a wailesi yanu, komanso yezetsani alternator, chifukwa diode imodzi ya m'kati mwake ikafa kamluzuka kamakula batire lisanayambe n'komwe kuvuta. Pa injini ya petulo pamamvekanso kuthetheka kochokera ku mapulagi ndi mawaya ake, chinthu chimene pa dizilo kulibe.

Nyale za LED zotsika mtengo zili ndi tizipangizo ta magetsi m'kati timene timafalitsa phokoso pa VHF. Phokosoli mwina simulimva, koma limakwirira mawu ofooka a anthu akutali. Matchaja a foni a pa soketi nawonso amachita zomwezo. Zimitsani chimodzichimodzi kufikira mutapeza wolakwa, kenako talikitsani mawaya ake ndi chingwe cha eriyo ndipo muwaveke timphete ta ferrite tochepetsa phokoso la m'mawaya pafupi ndi nyaleyo. Zikakanika, nyaleyo isinthidwe ndi ina yabwinopo, chifukwa palibe chimene mungakonze m'wailesi pa vuto lochokera kunja kwake.

Funso: Galimoto yathu imanyamula odwala ndi katundu m'midzi ya kufupi ndi nyanja, ndipo m'dzinja timawoloka madzi osefukira a mtsinje wa Likangala. Wailesi anaiika pansi pa mpando n'kuimanga ndi malegeni. Komanso galimoto ikakhala Loweruka ndi Lamlungu osayenda, Lolemba timachita kukankha. *Mayi wa ku Jali*

Yankho: Mayi, pansi pa mpando ndi pamene madzi amayambira kufika ndiponso pamene fumbi limaunjikana, choncho wailesiyo ichokepo mvula isanayambe. Mawailesi ambiri a m'galimoto, ngakhale olembedwa IP54, chizindikiro cha mmene chipangizo chimapiririra fumbi ndi madzi, amangopirira fumbi ndi madontho, osati kumizidwa. Ikwezedwe pa dashibodi chakunsi kapena kudenga pakati pa mipando, koma isakhale pamene dzuwa la mwezi wa Okutobala limawomba kudzera pa galasi, ndipo zipsepse zachitsulo za kumbuyo kwake zipeze mpweya chifukwa ndi zimene zimachotsa kutentha. Ngati malo ndi ochepa, ilipo mitundu imene nkhope yake imachoka, moti thupi la wailesi limabisika pamalo okwera kuseri kwa mpando pamene nkhope yokha ili pafupi ndi dalaivala. Isatchinge potulukira airbag kapena maso a dalaivala, ndipo chingwe cha maikolofoni chisafike pa giya ndi pa chiwongolero. Malegeni achoke, m'malo mwake pakhale chomangira chake chachitsulo ndi mabawuti okhala ndi mawashala oletsa kumasuka, chifukwa pa ngozi chitsulo cholemera kilogalamu imodzi chikauluka chimavulaza munthu. Sipika yapadera yoikidwa pafupi ndi khutu la dalaivala imathandiza kwambiri m'galimoto ya dizilo. Wailesi ikanyowa, chotsani fyuzi nthawi yomweyo ndipo musaiyatse kuti muone ngati ikugwira mpaka itauma ndi kuonedwa ndi mmisiri.

Za kukankha Lolemba, werengani motere: wailesi yosiyidwa yoyaka ikamakoka theka la amp kwa maola 60, yadya ma amp-hour 30, pamene batire lanu mwina ndi la 70, ndipo injini ya dizilo imafuna batire lamphamvu kuti idzuke. Mmisiri aike relay, yomwe ndi switch yoyendera magetsi, yolamulidwa ndi kiyi pa waya wofiira uja, kuti magetsi azichokerabe ku batire koma azidulidwa galimoto ikazimitsidwa. Mawailesi ena ali ndi waya wake wa ntchito imeneyi kapena nthawi yodzizimitsa okha. Ngati mukufuna kuti izimvera usiku wonse podikira odwala, pamafunika batire lachiwiri lolekanitsidwa ndi loyatsira injini. Pomwetsa mafuta wailesi izimitsidwe, ndipo ku ofesi, kukamachita ziphaliwali, chingwe cha eriyo ya pa mlongoti chimasulidwe.

Funso: Ndinagula timawailesi ta m'manja totsika mtengo toti tizilumikizana ndi ya m'galimoto. Wogulitsa anaikamo nambala yachinsinsi ndipo anati palibe wina angatimve. Kodi n'zoona, ndipo kodi timeneti timafunanso chiphaso? *Mlimi wa ku Thondwe*

Yankho: Bambo, nambala imeneyo, yomwe m'buku imalembedwa CTCSS kapena DCS, sibisa mawu anu. Imangochititsa wailesi yanu kukhala chete pamene anthu ena osakhala a gulu lanu akulankhula pa tchanelo chomwecho, koma aliyense amene wazimitsa nambalayo pa wailesi yake amakumvani bwinobwino. Choncho za ndalama zimene galimoto yanyamula, nthawi imene idutse pamalo akutiakuti, kapena dzina ndi matenda a munthu, zisanenedwe pa wailesi.

Kuchepa kwa kawailesi sikukachotsa pansi pa lamulo. Timawailesi tambiri totsika mtengo timalola munthu kulemba frequency iliyonse, ndipo mu Zomba, momwe muli asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ndende ndi chipatala chachikulu, n'kosavuta kulowerera pa tchanelo cha eni ake osadziwa. Nawo ma frequency a pakati pa 144 ndi 146 MHz ndi a anthu ochita za wailesi mongokonda, amene ali ndi ziphaso zawozawo ndi mayina oitanira oyamba ndi 7Q, ndipo saloledwa kuchitirapo malonda. Tengani timawailesi tanuto pamodzi ndi chiphaso chanu cha MACRA kwa mmisiri amene anakonza ya m'galimoto, atsimikize kuti mtundu wake ndi wovomerezeka ndiponso kuti chiwerengero chake chili pa chiphasocho, aikemo matchanelo anu okha, kenako atseke mabatani kuti antchito asamasinthe.